Singano ya galamafoni ya apongozi

Lolemba, 3 Juni
Singano ya galamafoni ya apongozi yathyoka. Mwana wanga Alile anaikoka mbale ya nyimbo ikuzungulira. Apongoziwo, a Vinsenti, sanakalipe, angovundikira chinthucho ndi nsalu. Bola akanakalipa.

Alile wapitirira zaka ziwiri, sanatchulepo ngakhale "ama". Mkazi wanga Ndapeza akuti tikamuyezetse makutu kuchipatala. Ine ndakhala ndikukana. Mwana wosamva angavine? Agogo ake akaika mbale iye amadumphadumpha mpaka kugwa. Umboni wanga ndi wokhawo, ndipo tsopano uli pansi pa nsalu.

Lachitatu, 5 Juni
Ndapita pa Chimbiya. Kizito wokonza mawailesi wandiseka, ati zimenezo zinapita ndi a malemu. Kenaka wakutumula katoni, watulutsa kamutu kapulasitiki, singano ili pomwepo. Ati ukagula, umagula kamutu konse. Ati kabwino kenikeni nkoitanitsa kunja, ndipo mtengo wake mbuzi ziwiri sizikwana. Ndatenga kapulasitikiko.

Lachinayi, 6 Juni
Kakulira ngati udzudzu uli m'chitini. Mawu a anthu oimba akumveka, koma ng'oma mulibe. Alile wakhala pamphasa kuseweretsa chitsononkho, osacheuka.

Ndapeza wandiyang'ana. Ndati vuto ndi singano.

Lamulungu, 9 Juni
Potuluka m'tchalitchi ndamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti kwawo kwa mkamwini uja mwina ziliko zoterezi za ana osayankhula. Kwathu kulibe. Ndayesa kukumbukira onse, ngakhale a kuchimuna. Kulibe.

Nsapato kundiluma phazi njira yonse. Chisanu nachonso.

Lachiwiri, 11 Juni
Kamutu kabwino sikakupezeka. Ndafunsa mpaka ku boma. Mnyamata wa m'sitolo anandipatsa singano yosokera.

Lachisanu, 14 Juni
Kizito wandilozera a Ezara a ku Mayani, amene kale ankaimba mbale m'maukwati. Ndapalasa njinga. Galamafoni yawo inapsa kalekale, nkhuku ikuikira pachivundikiro. Koma kamutu nkachitsulo, kolemera m'manja. Ati kameneka kanavinitsa ndi ansembe omwe. Ndalama akana, akufuna thumba la mbewu ya kachewere.

Mbewu imeneyo ndi ya kudimba. Andifunsa chomwe mlimi ngati ine ndikufunira nyimbo za makedzana. Ndati ndi za apongozi. Ati, "Mkamwini, ukadyetsa ana ako nyimbo?"

Ndavomera thumbalo. Mkazi wanga sindinamuuze.

Loweruka, 15 Juni
Wadziwa. Waona pamene panali thumba. Sanalalate. Wangoti thumba limenelo likanatifikitsa kuchipatala nkubwerako. Ndati angodikira mawa. Ati wadikira chaka.

Ine sukulu ndinalekera sitandade folo. Dokotala akakanena kuti samva, ndidzamuyankhula bwanji mwana wanga? Ndidzamuuza bwanji kuti galimoto ikubwera?

Lamulungu, 16 Juni
Tamanga kamutu masana, ine ndi a Vinsenti, mawaya anayi onga tsitsi. Batire ya sola inali itamwa dzuwa. Atatsitsa singano, eee. Ng'oma ija inabwerera, gitala wamkulu kugunda pachifuwa. A Vinsenti anavula chipewa, ati chigulireni siinalirepo chonchi.

Alile anali atatifulatira. Sanacheuke. Patapita nthawi anatiwona tonse tikuyang'ana kumodzi, nkudzuka, kupita pa bokosi la sipika, kulikumbatira, mimba ndi tsaya. Kuyamba kudumpha. Kuseka.

Ndinati, waona? Ndapeza anati, "Gwirani bokosilo, bambo a Alile."

Ndinagwira. Likunjenjemera ngati chigayo. Anati nditseke makutu. Ndinatseka ndi zala, nkutsamiritsa bondo pathabwa. Nyimbo yonse inali m'bondomo.

Ndinamunyamula mwana, nkumuimika pakhomo, kuyang'ana kunja. Nyimbo ikulirabe. Iye wangoima, kuyang'ana nkhuku. Ndinaitana dzina lake kumbuyo. Ndinaitananso mokweza, mpaka galu wa kwa aneba anauwa.

A Vinsenti anakweza singano. M'nyumba zii.

Alile anatembenuka yekha pamene anafunira. Anandiseka, nkundigwira chala, kundikokera ku bokosi. Anaika dzanja langa pathabwa, lake pambali pake, nkumadikira.