Ana Awiri, Wamoyo Mmodzi

Lachiwiri, pa 9 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Zithunzi munatumiza zija tinaziona. Mwanenepa ndithu, khosi lachita kusowa, ndipo jekete lija likukukhalani ngati la bwana. Kuno tilipo. Alamu anu akadali pa lole yomwe ija, atsikana ali kusukulu, ine ndikungopalasa makina osokera pakhonde monga mwa masiku onse, msana uli gwa. Za amayi munafunsa m'mawu anayi okha kumapeto kwa uthenga wanu: "Nanga amayi ali bwanji?" Ine ndikuyankhani ndi kalata yathunthu, ndipo muiwerenge mutakhala pansi.

Zotsatira za kalembera wa chaka chatha uja zatuluka. Kasitomala wina anabwera ndi nsalu yake atakulunga m'nyuzipepala, ndiye ndinaziwerengera pamenepo. Akuti tachuluka, mzinda uno wokha anthu awirikiza kawiri pa zaka makumi awiri, nkhani imene aliyense woima pamzere wa madzi akanawauza kwaulere. Akutinso m'dziko muno tikulankhula zinenero zoposa makumi atatu, ndipo mkulu wina pa wailesi anachita kunyadira, ati ndife munda wa maluwa amitundumitundu. Pansi penipeni pa mndandandawo, pomwe pepala linali litayamba kung'ambika, ndinapeza chinenero cha kwawo kwa amayi. Kalembera wakale anapeza anthu zikwi ziwiri ochilankhula mumzinda muno. Uyu wapeza 61. Mmodzi wapamwambayo ndi amayi anu, ndipo kukanakhala kufuna kwanga akanalemba 60.

Ndakhala ndikukuuzani kuti chidwalireni sitiroko amayi mutu sukuyenda, amangobwebweta. Inunso munkavomera msanga, poti munthu wobwebweta safunika kumuimbira foni. Chinenero chathuchi chinawathawa tsiku lomwe anagwa kubafa lija, ndipo chimene chinatsala m'kamwa mwawo ine ndinkangochimva ngati phokoso. Adokotala anati matendawa amasokoneza lilime, ine n'kugwira pomwepo osafunsanso. Ndikanachizindikira bwanji chinenero chimene sindinachimvepo bwinobwino? Mukukumbuka malemu bambo athu akumenya tebulo, kunena kuti m'nyumba mwawo safuna kumva zolankhula za kutchire. Mukukumbukanso, kapena mwina kuzizira kwa kumeneko kunakuiwalitsani, tsiku limene amayi anakubweretserani ambulera kusukulu, anzanu n'kuseka katchulidwe kawo ka mawu, inu n'kuwauza kuti ameneyo ndi wantchito wa kwathu. Ine ndinali pambali panu. Sindinakutsutseni, koma amene ananena si ine.

Amayi amagona m'kachipinda ka kuseri, momwe kale tinkasungamo makala ndi matayala a alamu anu. Musakwinye nkhope. Muli bedi, muli ndowa, muli kazenera. Loko ndinaikapo atatuluka ulendo wina n'kukapezeka pakati pa msewu waukulu, magalimoto akuwalizira mahutala. Ndimawatsegulira powasambitsa ndi powapatsa chakudya. Chaka chino n'chachinayi ndikuchapa zofunda zimene inu simungazigwire ngakhale ndi ndodo.

Chaka chathacho, wa kalembera anafika Loweruka m'mawa. Anali mayi wamfupi wa magalasi, mphunzitsi amene anangomubwereka pa tchuthi, atavala chovala chawo chowala chija, kamakina kolembera kali m'manja. Ndinamupatsa mpando pakhonde pakati pa zidutswa za nsalu.

"M'nyumba muno mwagona anthu angati?" anafunsa.

"Anayi," ndinatero. "Ine, bambo a kunyumba ndi ana awiri."

"Palibe wina? Khanda, mlendo, wokalamba? Ambiri amaiwala makanda ndi okalamba."

"Anayi, mayi."

"Nanga pabanja panu alipo amene anapita kukakhala kunja kwa dziko?"

"Palibe."

Eya, inunso ndinakufufutani, ndipo lilime silinalemere n'komwe. Koma amayi ndinawabisa chifukwa cha loko uja. Sindinkafuna kuti munthu wa boma aone loko pachitseko cha munthu, n'kuyamba kundiyang'ana ndi maso aja amene anthu osachapa zofunda amayang'ana nawo.

Ndinali ndisanadziwe kuti anthu amenewa ali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. Sachoka asanazungulire mpanda wonse n'kulemba nambala ndi choko pachitseko chilichonse, kaya n'cha nyumba kaya n'cha khola. Mayi uja ananyamuka kulowera kuseri, ine pambuyo pake ndikumuuza kuti kumeneko kuli makala okha. Choko chitangokhudza chitseko, amayi anayamba phokoso lawo m'katimo.

"Ndi wailesi imeneyo, ana anaiwala kutseka," ndinatero.

Mayi uja anangoima chilili, dzanja lili m'mwamba. Kenaka anayandikitsa kamwa pachitseko n'kuyankha. Phokoso lomwe lija, achimwene, likutuluka m'kamwa mwa munthu wa magalasi! M'katimo amayi anayankhanso.

"Tsegulani," anatero mayi uja osandiyang'ana.

Ndinatsegula. Amayi anamugwira dzanja ndi dzanja lawo lamoyo, limene sitiroko sinaligwire, osalisiyanso. Analankhula, analankhula, mpaka anaseka, kuseka kumene ndinali nditakuiwala kuti kunalipo. Ine ndinaima pakhomo ndi makiyi m'manja ngati mlonda.

"Mayi anuwa mutu wawo uli bwinobwino," anandiuza mphunzitsiyo. "Andiuza chaka chimene anabadwa, dzina la mtsinje wa kwawo ndi mayina a abale awo onse. Ine chinenerochi anandiphunzitsa ndi agogo anga, koma ana anga sachidziwa. Sindinkayembekeza kuti ndidzachimvanso mumzinda muno." Anazengereza pang'ono, kenaka anapitiriza. "Akutinso ndikuuzeni kuti madzi osamba amatentha kwambiri. Akuti amakuuzani m'mawa uliwonse."

Mawu awiri amene ankakuwa ndikamawathira madzi pamsana, ine ndinkayesa akunditukwana. Masiku ena ndinkawabwezera.

Tsono pali mafunso amene lamulo lawo limati mkazi aliyense ayankhe yekha, wina asamuyankhire: anabereka ana angati, aamuna angati, aakazi angati, ndipo amoyo ndi angati. Ndinamuuza mayi uja kuti azindimasulira chilichonse, poti ino ndi nyumba yanga.

"Akuti anabereka awiri, wamwamuna ndi wamkazi," anatero.

"Zoona zimenezo," ndinatero.

Anafunsa za amoyo. Amayi anakweza chala chimodzi. Anafunsanso, pang'onopang'ono, koma chala chinali chimodzi chomwecho. Ndisakunamizeni, mumtima ndinaseka. Ndinati zawaonekera achimwene, zaka khumi ndi ziwiri osaponda kuno, lero mayi wawo wawaika m'manda.

"Wamoyoyo ndi wamkazi, lembani," ndinatero.

Mayi uja anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi ngodya ya chovala chake, magalasi oyera kale.

"Akuti wamoyo ndi wamwamuna. Ali kutali, ndi munthu wamkulu kumeneko, ndipo adzabwera kudzawatenga."

"Nanga wamkazi?"

"Akuti anamwalira."

"Afunseni kuti ine ndine yani."

"Mayi, funso limenelo mulibe m'makina muno."

"Afunseni!"

Anawafunsa. Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo maso amenewo sanali a munthu wosokonezeka. Anandidziwa, achimwene. Ndikulumbira kuti anandidziwa. Anayankha mawu ochepa, mosakweza n'komwe.

"Akuti ndinu mayi wa makiyi," anatero mphunzitsiyo, maso ali pansi. "Akuti mwana wawo wamkazi anali wachifundo, sakanawatsekera muno."

Kenaka anafuna kundichitira chisoni. Anati alemba awiri, poti akundiona ndi maso ake. Ine ndinati ayi, lembani zimene wanena mwini wake, si ndilo lamulo lanu? Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anadina kamakina kake. Choncho m'mabuku a boma ine ndinafa, inu simunapite kunja, ndipo m'nyumba muno munagona anthu asanu.

Mukanakhala munthu wofunsa, mukanafunsa kuti zinatha bwanji. Lamlungu lotsatira mayi uja anabweranso, wopanda chovala chowala, atanyamula malalanje m'kajumbo. Anali atawalonjeza amayi kuti azibwera kudzacheza nawo. M'mawa umenewo nditatsegula ndinapeza amayi atapesa okha tsitsi ndi dzanja limodzi, atamanga mpango wawo wobiriwira mokhota, atakhala m'mphepete mwa bedi kuyang'ana kuchitseko. Ine zaka zonsezi sanandipeserepo tsitsi.

Ndinakumana naye pageti.

"Kalembera anatha, mayi," ndinatero.

"Sindinabwere za ntchito ayi. Ndangofuna ndicheze nawo pang'ono, ali okhaokha."

"Akugona."

Nthawi yomweyo amayi anaitana kuseri kuja, poti makutu awo ndi akuthwa kuposa anga. Mayi uja anayankha mokweza pamwamba pa mpanda. Ine ndinatseka geti, ndinabwerera pakhonde n'kupalasa makina mwamphamvu, opanda nsalu, mpaka atachoka. Malalanje anawasiya pageti ndipo atsikana ndiwo anadya.

Lamlungu lachiwiri zinali chimodzimodzi. Lamlungu lachitatu sindinadikire kuti afike. Ndinakamuchingamira pangodya ya msewu, pafupi ndi wowotcherera zitsulo uja, pomwe mawu sangafike kunyumba, ndipo ndinamuuza kuti amayi anatisiya Lachinayi. Anakhala pansi pomwepo m'fumbi, mphunzitsi wathunthu, n'kulira misozi yeniyeni. Ndinamupepesa, ndinamugwira paphewa, iye n'kundipepesanso. Ndinkaganiza kuti ndikabwerera kunyumba mtima ukhala pansi poti tafanana, iwo anandipha pamaso pa mlendo, inenso ndawapha pamaso pa mlendo yemweyo. Mtima sunakhale pansi, komabe sindinabwerere kukamuuza zoona.

Amayi anapitiriza kupesa tsitsi Lamlungu lililonse. Mmene ankadziwira kuti lero ndi Lamlungu m'kachipinda kopanda kalendala, kaya, mwina ankamva kuti lole ya alamu anu sinalire. Anatero miyezi inayi. Kenaka Lamlungu lina ndinawapeza atagona chafufumimba, mpango uli pansi. Kuyambira tsiku limenelo sanatulutsenso mawu, ngakhale amodzi. Ndinapita nawo kuchipatala, adokotala anawapima paliponse n'kunena kuti m'thupi mulibe chachilendo. Madzi tsopano ndimayamba ndawayesa ndi chigongono, sindine chilombo ine. Koma kaya atenthe kaya azizire, iwo amangoyang'ana khoma.

Sukulu imene mayi uja amaphunzitsa ndikuidziwa, mayunifolomu ake ena ndimasoka ndine. Kawiri konse ndafika pageti pake n'kubwerera. Ndikamuuza chiyani, kuti maliro aja anadzuka? Ndipo akabwera, amayi akayambanso kulankhula, ine ndidzayenera kumva zotsala zonse za zaka zinayi. Ndamva ziganizo ziwiri zokha ndipo zandikwana. Alamu anu amati ndili ndi mtima wa mwala, koma amanena zimenezo akumanga nsapato kuti azipita ku lole.

Ndiye nditaona 61 uja m'nyuzipepala ndinaseka ndekha pakhonde, kasitomala mpaka kudabwa. Nambala imeneyo ndi yabodza tsopano. Munthu amene salankhula ndiye kuti alibe chinenero chilichonse. Boma lidzadziwa pakapita zaka khumi, koma ine ndikudziwa lero kuti atsala 60, monga ndinkafunira poyamba paja. Mkulu wa pa wailesi uja akawerengenso maluwa ake.

Pempho langa ndi limodzi. Musatumizenso bulangete, alipo kale atatu ndipo onse ndimachapa ndine. Bwerani mudzawatenge amayi anu monga iwo anauzira boma. Ndinu mwana wawo wamoyo, zinalembedwa. Mwina akakuonani adzatsegula pakamwa, ndipo ine ndikufuna ndidzakhalepo, ndidzakuoneni mutaima ndi jekete lanu m'kachipinda ka makala, mayi anu akukuuzani zonse zimene anakusungirani, inu osamva ngakhale moni. Nambala ya choko ikadalipo pachitseko, simudzasochera.

Alamu anu akupereka moni. Atsikana akuti muwatumizire zithunzi zina, za ana anu makamaka, poti amakaonetsa anzawo kusukulu. Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti diresi lija ndikhoza kuwasokera akatumiza muyeso. Amayi ndinawaonetsa chithunzi chanu dzulo powapatsa chakudya. Anachiyang'ana nthawi yaitali, anachipsompsona, kenaka anandiyang'ana ine n'kuchibisa msangamsanga pansi pa pilo kuti mayi wa makiyi asawalande. Moni wawo ndi umenewo.

Ndatha ine,

malemu mlongo wanu.