Yusufu anasiya kuimba

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwendo uja ukupepuka. Kuno ku Tlaseng tikudzuka, koma mng'ono wanga Yusufu akundidetsa nkhawa. Chiyambire nyengo ya maukwati sanachokepo pa mashini osokera, ngakhale Lachisanu sakupita ku mzikiti. Mukukumbukira mmene ankaimbira akamasoka pakhonde paja? Anasiya.

Dzulo ndinamupeza atayala nsalu ya mkwatibwi, akungoiyang'ana. Anati, "Achimwene, kale ndikangoona nsalu, diresi linkabwera lokha m'mutumu. Lero mulibe kanthu."

Ndinamubisira sizasi kuti agoneko. Anangodzuka n'kukabwereka ina kwa aneba.

Ine mawu andithera, amayi. Chonde muimbireni foni, mumuitane adzapumeko kumudzi lusoli lisanamuthawiretu. Mwina inu akumverani.

Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Saidi