Njinga Ilibe Mabuleki, Koma Gitala Ikulira

Mayi a Tiya, mnzanga wapamtima, imani kaye pomwepo! Musakwere njingayi. Ndamangirira dala kapepalaka pachishalo kuti musadzati simunakaone.

Paja munati gitala ya m'sitolo ndiiwale, mtengo wake ndi matumba awiri a feteleza? Ndinakumverani. Ndakhoma yangayanga ndi chigubu cha mafuta ophikira ndi thabwa lija linatsala pa khola la nkhumba, osatulutsa ngakhale kwacha imodzi. Zinangovuta ndi nsambo. Ndiye ndabwereka mawaya a mabuleki, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ikulira mokoma zedi, mpaka aneba athu a Stefano anasiya kupalira n'kuyamba kudula chiuno m'munda.

Kungoti njinga yanu panopa siima. Ndi dengu la tomato pakeliyala, pamtsetse wa kwa Dzoole paja mukhoza kukathera mumtsinje. Chonde tomatoyo mumupatse Rodrick wa kabaza. Ndamuuza kale, ndipo wavomera kuti malipiro ake ndidzamuimbira pa chinkhoswe chake.

Ine ndathamangira ku Madisi kukajambula kavidiyo, foni ya mnzanga Elifala wa kumeneko ndiye imatulutsa bwino. Mawaya atsopano ndibwera nawo madzulo ano, zimenezo musakayike.

Pepani, mayi. Mtima ukakana kutsika, lembani kuseri kwa kapepalaka mmene inuyo mukuionera nkhaniyi, ndikawawerengere anthu anga a pa Fesibuku, aweruze okha. Koma mawu oti "chitsiru" musachulukitse, Tiya wayamba kuwerenga.

Woimba wanu,
Pemphero