Tizibowo Tinayi pa Injini ya Bwana

Lachitatu madzulo. Kunja kwachita fumbi tsiku lonse, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

M'mawa ndimapukuta injini ya ndege yakale yankhondo imene bwana anaiimika m'chipinda cha alendo. Ndinawerenga monga mwa masiku onse: masilinda asanu ndi anayi ozungulira ngati duwa la mpendadzuwa, mapulagi 18. Zonse zilipo. Chasowa ndi kachitsulo kachikasu kolembedwa kuti injiniyi inapangidwa ku Poland ndi chilolezo cha kampani ya ku England. Pangotsala tizibowo tinayi toyera bwino. Kachitsulo sikagwa kokha n'kutenga masikuluwu ake onse anayi.

Loweruka kukubwera munthu wofuna kuigula. Kawiri sabata ino ndamva bwana akunena pa foni kuti ndi ya ku England yeniyeni.

Nditawauza bwana za kachitsuloko anati, "Mama Esinati, mwina munakakola ndi nsanza yanu. Khalas, zatha basi, musadandaule." Sanayang'ane n'komwe pamalopo. Ndapukuta chinthuchi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sanandiuzepo kuti ndisadandaule.

Ndiye kuti nkhani yakonzedwa kale: wogula akafunsa, wolakwa ndine. A Yusufu, adalaivala athu, anandinong'oneza kukhitchini kuti, "Mayi, ingokhalani chete. Kuno n'kudziko la eni, visa yanu ili m'manja mwawo."

Koma mawu onse a pakachitsuloko, ndi nambala yake, ndinawakopera m'kope lino chaka choyamba, tsamba 14. Loweruka wopereka tiyi ndine. Kopeli likulowa bwino m'thumba la epuloni, ndayesa katatu. Chimene sindikudziwa n'chakuti ndikadzaima pamaso pawo, dzanja langali lidzalitulutsa kopeli kapena ayi...