Mafuta a magudumu

Kufupi ndi Olomouc, Juni 1758

Okondedwa Amayi,

Ndikupatsani moni. Kodi chifuwa chija chakusiyani? Ine ndilipo, akavalo athu awiri aja nawonso akadali moyo, kungoti nthiti zawo zikuwerengeka.

Chiyambire pamene asilikali anatitenga ndi ngolo zathu, tikungonyamula katundu wa mizinga. Anzanga ena anawapatsa zipolopolo zachitsulo, ine tsoka langa anandisenzetsa migolo ya wonga. Ndimayenda nditaukhalira, Amayi, ndipo mtima sukhala m'malo.

Buledi anatha kalekale. Mwezi uno phula la magudumu silinabwere, ndiye oyang'anira anatigawira mafuta a ng'ombe oti tizipaka pa mtanda wa magudumu. Njala ilibe manyazi: tinawadya tonse, inenso ndinanyambita nawo. Tsopano magudumu akuyenda ouma, akulira njira yonse. Mtengo ukapekesana ndi mtengo umatentha, mpaka kufuka utsi, pamwamba pake pali wonga.

Mukumukumbuka Kaspar, mwana wa osula zitsulo uja? Ankatiseka kuti ndife amantha, amvekere gudumu lake likalira ndiye kuti likuyimbira akavalo nyimbo, likatentha angolikodzera. Lachiwiri tikutsika phiri ndinamva fungo la mtengo wopserera, ngolo yake ili patsogolo pathu. Ndisanakuwe n'komwe, kunangoti phuu! Tinatola chipewa chokha. Khutu langa lakumanzere silikumvabe. Amayi ake musawauze za chipewacho, mungoti tinamuyika bwino.

Gudumu langanso lakumbuyo layamba kulira. Ndimaima pamtsinje uliwonse n'kulithira madzi, koma kapitawo akuti ndikaimanso andikwapula, poti mizinga ikudikira. Ndikuopa, Amayi. Dzanja langa silichoka pa gudumulo.

Pempho langa ndi limodzi. Mafuta a nkhumba aja munasungira chisanu, mundipatsireko mphika umodzi. Atsibweni a Matous abwera kuno ndi ngolo za udzu sabata yamawa, muwapatsire iwowo. Ndikudziwa kuti ndikukulandani chakudya pakamwa, mundikhululukire.

Mundiperekere moni kwa achemwali a Dorota, alamu ndi ana. Mkazi wanga Ludmila mungomuuza kuti ndikunenepa.

Koma musanatseke mphikawo, mafutawo muwasakanize ndi phula lambiri, ade bii, anunkhe. Akabwera oyera sakafika pa gudumu. Sindikuopa anzanga ayi, ndikudziopa ndekha.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mwana wanu,
Hynek