Firiji Nambala 41

Kabudula,
9 Januwale 2024.

Okondedwa achimwene a Yohane,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno mvula yachita kunyanya, msewu wa ku Nambuma wasanduka phala. Amayi ali bwino ku Nsaru, akulimbana ndi kamwana kanu Febe, amene wayamba kuyenda chogwira khoma.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni mawu akanandithera. Mukukumbukira ntchito ndinkakunyadirani ija, yolumikiza mafiriji a katemera m'tizipatala ta kumidzi? Firiji iliyonse ili ndi nambala yake pa netiweki, ndipo ikayamba kutentha imatumiza uthenga ku ofesi. Pulogalamu yolandira uthengawo ndinalemba ndine, mlongo wanu wodziwa zonse uja.

Sabata yatha firiji ya kachipatala kena cha ku Nambuma inafa masiku anayi. Katemera yense wa chikuku anawonongeka, chonsecho matendawa alowa kale pakati pa ana a matenanti m'maesiteti a fodya. Ku ofesi kuno kompyuta inkangoonetsa kuti zonse zili bwino. Akuluakulu akuti a Benedeta, namwino wa kumeneko, ndiwo anazimitsa kachipangizo kotumiza uthenga. Nditakumana nawo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ireen mwanawe, makinawa umawadziwa ndiwe. Ukawauza kuti sindinakhudze kanthu, eti?" Ndinangoti, "Ndikaona, amayi."

Ndinakaonadi. Masiku awiri ndinkanamizira mawaya, sola, ngakhale mphenzi. Kenaka ndinasindikiza manambala onse m'ma 1 ndi ma 0 monga munkandiphunzitsira, n'kumawerenga ndi chala. Achimwene, poika malire a manambala ndinayenera kukankhira ma 1 aja kumanzere kasanu ndi kamodzi kuti pakwane makina 64. Ine ndinakankha kasanu, malire n'kuthera pa 31. Firiji ya a Benedeta ndi nambala 41. Inalira masiku anayi onsewo, pulogalamu yanga n'kumataya uthenga wake ngati wa mlendo.

Chondichititsa manyazi n'chakuti poyesa ndinangoyesa mafiriji apafupi, nambala 3, 7 ndi 12. Akutaliwo ndinati ndidzapita mvula ikadzaleka. Ndinkaopa matope panjinga yamoto, basi.

Ndakonza, palibe anandiona. Koma nditangosintha 5 uja kukhala 6, firiji inanso inafiira pakompyuta pomwepo, nambala 52 ya cha ku Nsaru. Sindikudziwa kuti yakhala ikutentha kuyambira liti, kapena ndi ana angati anabayidwa katemera wakufa wochokera mmenemo, makolo awo n'kumabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Lachisanu kuli msonkhano woti a Benedeta achotsedwe ntchito, ndipo andiitana kuti ndikafotokoze za makina. Tsamba la pulogalamu loonetsa kulakwa kwanga ndalisindikiza kuti ndikaulule, lili m'chikwama. Ndikukuuzani inu poyamba kuti ndikafika pakhomo pa msonkhanowo ndisakabwerere. Ndili ndi mantha, achimwene.

Mundiperekere moni kwa alamu, koma kalatayi muyambe mwawerenga nokha. Febe anabayitsa wachikuku mwezi watha, kuchipatala cha firiji 52 chomwecho. Dzulo amayi anaimba foni kuti mwanayo thupi latentha ndipo maso afiira. Iwo akuti ndi mano chabe, poti mwana anabayitsa kale. Ndikaponya kalatayi ndikwera njinga ya ku Nsaru, matope kapena ayi.

Ndine mlongo wanu,
Ireen