Mbale za Bambo Ndazitsitsa

Saint-Aubry,
14 Novembala 1967

Okondedwa achimwene Firmin,

Ndine mlongo wanu Leontine. Dzanja mukulionali ndi la Mayi Gaudry, aneba athu, poti langa mukulidziwa, limalemba ngati nkhuku ikupalasa. Ine ndikungoyankhula, iwo akulemba. Ndikhulupirira muli bwino ku Montreal kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili bwi... ayi mayi, fufutani, tisawanamize. Kuno sitili bwino.

Nkhani ndi mbale za bambo, zija zadothi za ku Nevers zodzaza pakabati kukhitchini. Za atambala, za ngalawa, ndi zija zojambulidwa oyera mtima ndi mayina a anthu a pamtsinje amene anafa kalekale. Chichokereni inu awonjezera zambiri. Akangomva kuti uko kwamwalira nkhalamba, amakwera njinga kukafunsa ngati yasiya mbale.

Mwezi watha kunabwera munthu wina wa ku Paris pagalimoto yotuwa, wa chipewa chabwino, manja osalala ngati a wansembe. Akuti amagula zinthu zakale. Bambo m'malo momuyankhira pakhomo anamulowetsa, kumuthirira vinyo, n'kuyamba kumuonetsa imodziimodzi. "Taonani iyi bwana, Nikolasi Woyera uyu, anaijambula agogo anu asanabadwe. Iyi inasweka, anaisoka ndi timawaya, tembenuzani muone." Munthuyo ankagogoda mbale ndi chikhadabo n'kumatchera khutu, koma maso ake anali pazenera ndi paloko wa chitseko. Ndinamuona ine, achimwene. Atatchula zogula, bambo anaseka, amvekere, "Mugule kaye mano anga otsalawa, amenewo ndiye akale zedi." Iye sanaseke. Anangofunsa ngati tili ndi galu.

Sipanapite nthawi tinamva kogula buledi kuti kutsidya kwa mtsinje, kwa mayi amasiye aja a Chabanne, kunalowa anthu. Anawamangirira pampando ndi chingwe choyanikira zovala, mbale zonse n'kusesa. Mayiwo anapezeka mawa lake atauma ndi chisanu, mpaka pano ali kuchipatala. Ndipo anthu akuti galimoto yotuwa ija inaonekanso kumeneko.

Wapolisi anabwera, anati, "Madala, tsitsani mbalezi muzibise, munthu ali pamsewu akuziona." Bambo anamuyang'ana kuyambira kunsapato. "Iwe mwana wa Tissier, ukundiona ngati ndauma? Ndidakapuma ine." Mukudziwa za kwathu, mbale sizitsika zonse pakabati mwini nyumba ali moyo. Zimatsika tsiku la maliro ake, kuti azitsuke ndi kuzigawa, monga tinachitira pa agogo.

Ndiye bambo anakatenga mfuti yawo yosakira abakha ija. Tsiku lonse ali pampando moyang'ana chitseko, mfuti pamiyendo. Wapositi atagogoda anamuloza nayo. Munthu wamkulu uja anagwa chagada m'maluwa, akukuwa dzina la bambo, "Anselme iwe, ndine wapositi! Wapenga kodi?" Masiku ano makalata amangowaponya ali kumpanda.

Apa ndiye... lembani momwe ndikunenera mayi, musakonze. Ine ndinaganiza kuti mbale zikachoka, akuba sabwera, mfutinso ibwerera pakhoma. Lamlungu bambo atapita kukasewera makadi ndi anzawo, ndinazitsitsa zonse, kuzikulunga m'nyuzipepala ndi udzu wouma, ine ndi Mayi Gaudry n'kukazibisa kwawo, kuchipinda chapansi chosungira mbatata. Sindinaswe ngakhale imodzi.

Bambo atabwerera anaima pakhomo. Ndinkadikira kuti akalipe, mwina andiponyere nsapato. Ayi ndithu. Anayang'ana kabati yopanda kanthu ija, anavula chipewa, n'kunena motsitsa mawu, "Leontine mwana wanga, kodi ndafa liti? Bwanji sunandiuze?" Ine ndinati, "Bambo, musatero, ndangozibisa, zilipo." Anangogwedeza mutu. Anakameta ndevu, kuvala jekete lawo la paukwati, n'kukagona chagada pabedi, nsapato zili kuphazi.

Kuchokera pamenepo sanadye. Supu amabwerera momwe wapitira, tchizi wa mbuzi amene amamukonda uja osamuyang'ana n'komwe. Adokotala anawapima, akuti mtima uli bwino, palibe chimene akupeza. Dzulo bambo anandituma kuti ndiwaitanire abambo wansembe. Ndinawagwadira pabedipo, ndinati ndizibweretsa, adzuke adye. Anati, "Zikatsika zatsika. Ugawane ndi mchimwene wako, musakangane."

Ndiye mundiuze inu, poti munapita kusukulu. Ndikazibwezera, anthu aja abwera, ndipo m'nyumba muno tilimo awiri, nkhalamba ndi ine. Ndikazisiya kumbatata, bambo ndawapha ndekha ndi manja angawa. Galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu, ndimathamangira pazenera. Mayi Gaudry akuti ndisalire pamwamba pa pepala, inki ikufalikira.

Komabe ndasankha, chifukwa yankho lanu lifika mochedwa. Tikangomata kalatayi tikukazitenga, masana ano, anthu akuona. Ndizisanja momwe zinalili, ngati ndingakumbuke, ndipo chitseko cha kuchipinda kwawo ndichisiya chotsegula kuti azimva kugundana kwake. Kaya adzuka, kaya sadzuka, sindikudziwa. Zipolopolo ndazichotsa mumfuti ndataya mumtsinje, ndiye akabwera anthu aja angotipeza chonchi.

Chonde bwerani, achimwene. Musatumize mphatso, musatumize zithunzi za ana, bwerani inuyo. Ngati bwana wanu akukana, mumuwerengere kalatayi.

Mupereke moni kwa alamu Solange ndi ana onse. Mayi Gaudry akuti moni, wapositi nayenso akuti moni ngakhale adakakwiya. Bambo ndawafunsa m'mawa uno ngati ndikulembereni moni wawo. Akuti akufa sapereka moni.

Ndine mlongo wanu,
Leontine